Manja oyamba kufika nyumba zikagumuka

Ndikamva za chivomezi, maganizo anga amathamangira kwa anthu wamba amene amayamba kufukula anzawo ndi manja akatswiri asanafike. Pa chivomezi cha ku Kobe, m'dziko la Japan, chomwe chinapha anthu oposa 6,000 pa 17 Januwale 1995, ambiri mwa omwe anatulutsidwa amoyo m'nyumba zogumuka anapulumutsidwa ndi achibale ndi anansi awo, chifukwa misewu inali yotsekeka ndipo ozimitsa moto anali atachulukiridwa ntchito.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi zimene zinkachitika ku Mexico City mu 2017. Wopulumutsa anthu akakweza nkhonya m'mwamba, khamu lonse linkangoti zii, ngakhale amene ankapatsirana ndowa zodzaza miyala ankaima, kuti amvetsere ngati pansi pali wina amene akugogoda kapena kubuula.

Komabe mtima wachifundo pawokha sukwanira, pakuti nthaka imagwedezekanso kwa masiku ambiri ndipo khoma long'ambika likhoza kugwera wothandiza yemweyo. Ine ndimalemekeza kwambiri ongodzipereka amene amatsala atolankhani atachoka, n'kumatunga madzi aukhondo, kukumba zimbudzi pamisasa ndi kulemba mayina a ana amene asiyana ndi makolo awo.