Nkhuku ya ku Ethiopia pa mbaula ya ku Mchinji

Kwathu kuno tikapha nkhuku, choyamba kufunsa ndi tomato. Doro wat, nkhuku ya tsabola yomwe anthu a ku Ethiopia amaphika pa zikondwerero, ine ndimaphika popanda tomato ngakhale mmodzi. Kufiira kwake kumachokera ku berbere, tsabola wosakaniza ndi zonunkhiritsa, pomwe kukhuthala kwa msuzi kumachokera kwa anyezi basi.

Anyeziyo ndiye ntchito yonse. Nkhuku imodzi imafuna anyezi wofiira wosachepera kilogalamu imodzi, wodulidwa timagawo ting'onoting'ono kwambiri. Misozi ituluka ndithu, pirirani. Mumamuika mumphika wouma, wopanda ngakhale dontho la mafuta, nkumatakasa ndi mthiko pa moto wofatsa. Poyamba amatulutsa madzi ake, kenako amafota nkuyamba kumata pansi pa mphika. Apo mumathira madzi supuni ziwiri zokha, nkupala zomatazo kuti zibwerere mu anyezi. Zimenezi zimatenga ola lathunthu, mwinanso kupitirira, mpaka anyezi atasungunuka nkukhala ngati phala loderako, lotsekemera. Mbaula ndimaikonda pa ntchitoyi chifukwa makala akagwira bwino ndimachotsako ena, otsalawo nkuwawaza phulusa pang'ono, moto suthamanganso. Amene amafulumira pamenepa amadya msuzi wamadzi, anyezi akuoneka payekhapayekha, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa nkhukuyo yafera pachabe.

Kenako pamalowa niter kibbeh, batala wosungunulidwa pamodzi ndi adyo, jinja ndi chikasu, thovu lake nkuliyengula. Majarini sabweretsa fungo lomwelo, choncho ndikapita ku Chipata kapena ku Lilongwe ndimagulako batala weniweni.

Berbere ndimasinja ndekha. Gawo lalikulu ndi paprika wouma kuti ndiwo ifiire, kuonjezerapo tsabola wowawa, ndi kambuzi pang'ono kwambiri poti iyeyu sachedwa kuphimba anzake. Fenugreek, coriander, cardamom, cinnamon ndi cloves ndimagula m'masitolo a amwenye ku Lilongwe. Ndimazikazinga pa chiwaya chouma mpaka fungo litadzaza khitchini, kenako mumtondo, kenako pa sefa. Ku Ethiopia amaikamonso korarima ndi zitsamba zina za kwawoko. Berbere uja mumuphike ndi anyezi ndi batala kwa mphindi 20 nkhuku isanalowe, apo ayi amakereketa kukhosi.

Nkhuku ikhale ya chikuda. Yachizungu imaphwasuka msuzi usanalowe mkati, pomwe tambala wa kumudzi, ngati amene timagula pa msika wa Kamwendo, amapirira moto ndipo mafupa ake amakometsa msuzi. Anthu a ku Ethiopia amaisenda khungu, kuidula magawo 12, nkuitsuka ndi mandimu ndi mchere. Ikatsala pang'ono kupsa mumaponyamo mazira owiritsa osenda, oboola ndi foloko kuti msuzi ulowe, aliyense lake.

Chomwe chimapangitsa kuti aziiphika mosamala chonchi ndi nthawi yomwe amaidya. Akhristu a mpingo wa Orthodox ku Ethiopia amasala nyama, mkaka ndi mazira kwa masiku 55 Pasaka wawo, Fasika, asanafike. Akachoka ku mapemphero a usiku wa Pasakayo, chomwe amamasulira kusalako ndi nkhuku imeneyi, yodzaza batala ndi mazira omwe anawasowa nthawi yonseyo. Amaiphikanso pa Genna, Khirisimasi yawo ya pa 7 Januwale.

Iwo amadyera injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasa cha ufa wa teff, mbewu ya kwawoko ya timaso ting'onoting'ono. Kuno ndimasakaniza ufa wa mapira ndi wa tirigu, kuthira madzi nkuusiya masiku atatu kuti usase, kenako nkumauthira pa chiwaya chotakata, mbali imodzi yokha, mpaka pamwamba pataoneka timaenje. Kuwawasako kumaziziritsa tsabola. Bambo a kunyumba kuno amafuna nsima yawo ya ufa woyera, ndipo nayonso imayenda bwino ndi msuzi wokhuthalawu.

Anthu a ku Ethiopia ali ndi mwambo wina wotchedwa gursha: munthu amakulunga ndiwo mu injera nkumudyetsa mnzake m'kamwa ndi dzanja lake, posonyeza chikondi ndi ulemu. Ana anga ndimawadyetsa choncho ndipo amalimbirana kuti ayambe ndani. Apongozi ndimawapakulira m'mbale yawo, chiganga ndi nthutumba zili pamwamba, nkukawatulira nditagwada.