Lachiwiri: pansi pa tsanya wopanda mthunzi

Ndanyamuka ku Ulongwe kusanache, pa chapa yodzaza matumba a mbatatesi ndi kabichi. Kumtunda kwathu miombo yaphuka kale ngakhale mvula sinagwe, masamba anthete ali psuu. Utoto wofiirawo umathandiza kutchinga tsamba ku dzuwa pamene mkati mwake simunakhwime.

Titadutsa pa Mussacama n'kulowa msewu wochokera ku Zobue, kutentha kunayamba kuluma. Tisanafike ku Moatize tayala linaphulika, ndipo tonse tinatsika n'kukaunjikana pansi pa tsanya. Mthunzi wake ndi wachabechabe. Tsamba la tsanya lili ndi timasamba tiwiri, ndipo kukatentha timapindana n'kulendewera, dzuwa n'kumangodutsa. Agogo ena, akudzikupiza ndi mpango, anati, "Aphunzitsi, paja mumati mitengo imadya dzuwa? Ndiye lero yakhuta." Ndinati, "Ayi agogo, nthawi ino yatsala pang'ono kuweruka." Anaseka, koma ndinkanenetsa.

Chimene chimagwira mpweya wa kaboni dayokisaidi m'tsamba kuti upangidwe shuga ndi enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za mkati mwa zamoyo) yotchedwa Rubisco. Ndi yaulesi kwabasi: pa sekondi imodzi imagwira timagawo ta mpweya pafupifupi 3 basi, pamene ma enzaimu ena amagwira ntchito yawo kambirimbiri m'kanthawi komweko. N'chifukwa chake tsamba limaipanga yochuluka, moti palibe puloteni ina padziko lapansi yoiposa kuchuluka. Ndipo siigwira ntchito nthawi zonse. Usiku imakhala yotsekedwa. Kukacha, kuwala kumachititsa kuti asidi achepe m'madzi a mkati mwa kloroplasiti (kachipinda kobiriwira ka m'tsamba kopangiramo shuga), pH (muyeso wa asidi) n'kukwera kuchoka pa 7 kufika cha pa 8, ndipo maginiziyamu amachuluka pomwepo. Rubisco imadzuka pokhapokha kaboni dayokisaidi ndi maginiziyamu zitakhala pamalo pake. Ma enzaimu ena a mzere womwewo wa ntchito yopanga shuga amatsegulidwa ndi kapuloteni kotchedwa thioredoxin, kamene kamalandira mphamvu yochokera ku kuwala. Mzere wonsewo ndi uja unapezetsa wasayansi Melvin Calvin mphoto ya Nobel mu 1961.

Mbali imene imandisangalatsa kwambiri ndi iyi. Rubisco imakonda kutsamwa: timashuga tina timakanirira pamalo pake pogwirira ntchito, iyo n'kuima. Pali puloteni ina, Rubisco activase, imene asayansi Salvucci, Portis ndi Ogren anaifotokoza mu 1985, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa timashugato, monga mnyamata wa pachigayo amagogodera sefa ikatsekeka. Vuto n'lakuti activase siipirira kutentha. Mu zomera zambiri, tsamba likapitirira madigiri 35, imayamba kufooka, pamene Rubisco ikutsamwa pafupipafupi kuposa kale. Ku chigwa cha Zambezi kuno, mwezi uno wa Okutobala, kupitirira madigiri 40 si nkhani.

Onjezani apo kuti mpweya ukauma, tsamba limatseka timabowo take kuti lisataye madzi. Kaboni dayokisaidi, amene m'mlengalenga ndi 0.04 peresenti yokha, amachepa mkatimo, ndipo Rubisco imayamba kugwira okosijeni m'malo mwake. Zikatero mtengo umataya mphamvu ndi kaboni poyeretsa zimene zalakwikazo. Chimanga chili ndi njira yake younjikira kaboni dayokisaidi pafupi ndi Rubisco, nchifukwa chake chimakondwa ndi dzuwa lamphamvu malinga madzi alipo. Mitengo yathu ya m'nkhalango ilibe njira imeneyo. Kupinda masamba kwa tsanya ndi kuthawa moto, kuti tsamba lisatenthe kufika poimitsa zonse.

Agogo aja ndinangowauza kuti mtengo umagwira ntchito yaikulu m'mawa, kukadali kozizirirapo. Iwo anati, "Nanga mlimi wanzeru amalima nthawi yanji?" Pamenepo dalaivala anaitana, tinakwera.

Ndafika mu Tete masana, thukuta lili kamukamu, ndagula timapepala ta nazale timene ana a kalabu ya zachilengedwe kusukulu akhala akundivutitsira. M'njira monse ndimaganiza za nazale yathuyo. Tinaifolera udzu wothithikana kuti mbande za mlombwa ndi mbawa zisapse, ndipo ena mwa anzanga akufuna kuwonjezera. Ine sindikugwirizana nazo. Tsamba limene lakhala mumthunzi, kuwala kukalifikira mwadzidzidzi, limatenga mphindi zingapo kuti Rubisco idzuke ndi timabowo titseguke, choncho kadzuwa kongolowa pa mpata n'kudutsa kamapita kambiri pachabe. Ndikabwerera Lachinayi ndikawapempha kuti tipungule udzu mbali ya kum'mawa, tisiye wothithikana pamwamba ndi kumadzulo, ndipo ana azithirira asanalowe m'kalasi.