Mmene ndinasamukira ku Los Angeles ndi mipeni yanga ya ntchito

Ndimagwira ntchito yophika, ndipo m'makhitchini ambiri ku America kuno wophika amabwera ndi mipeni yakeyake. Bwana amakupatsa mbaula, mapoto ndi thabwa lodulirapo, koma mpeni umagula wekha, umanola wekha, ndipo subwereketsa wamba. Choncho nditapeza ntchito ku Los Angeles n'kuganiza zonyamuka ku Houston pa galimoto, mipeniyo sikanatsala. Mtunda sunandidetse nkhawa, ngakhale kuti ndi mamailosi oposa 1,500 pa msewu wa I-10. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti msewuwo umadutsa m'zigawo zinayi, Texas, New Mexico, Arizona ndi California, ndipo chilichonse chili ndi lamulo lakelake pa nkhani ya mipeni.

Kumudzi munthu amachoka kudimba chikwanje chili paphewa n'kudutsa pamsika, palibe womucheukira. Kuno chida chomwecho chingakugonetse m'chitokosi, ndipo kwa ife amene tikudikirabe mapepala a unzika, mlandu wa zida sumathera kukhoti. Umakutsatira mpaka tsiku lokonzetsa mapepala. N'chifukwa chake sindinafune kuyenda mongoganizira.

Ndinayamba n'kuyala mipeni yonse patebulo, tepi yoyezera ili m'manja. Malamulo amawerengera chitsulo chokha, osati chogwirira, ndipo ine ndinkayeza kuchokera kunsonga kukafika pamene chitsulocho chalowera m'chogwirira, kuphatikizapo kachigawo kosanoledwa ka kutsinde. Ena amayeza kukamwa kwakuthwako kokha kuti nambala ichepe, koma wapolisi sadzayeza mokukomera. Mpeni waukulu wodulira masamba ndi nyama unali mainchi 8, womwe ndi masentimita pafupifupi 20. Wochotsera mafupa unali mainchi 6, wa buledi 10, kosendera zipatso 3 ndi theka. Panalinso mpeni wopinda wa m'thumba, wa mainchi 3 ndi pang'ono, wokhala ndi loko ukatsegula. Womaliza unali switchblade, uja umatumphuka wokha ukadina kabatani, umene mnzanga wa kuntchito anandipatsa ngati mphatso.

Pa pepala, pambali pa mpeni uliwonse, ndinalemba zinthu zitatu: kutalika kwake, ngati uli wopinda kapena wosapinda, ndi mmene umatsegukira. Ndikuwerenga malamulo ndinaona kuti mafunso onse amabwerera pa zitatuzi, kuwonjezapo funso lachinayi limene linali lalikulu kuposa onse: mpeniwo wabisidwa kapena uli poonekera?

Lamulo la boma lalikulu la ku Washington silinandichedwetse. La 1958 limaletsa malonda a switchblade odutsa malire a zigawo, komanso kukhala nawo m'madera a mitundu ya Amwenye a ku America. Izi zinandikhudza chifukwa I-10 imadutsa m'dera la Gila River, kumwera kwa mzinda wa Phoenix ku Arizona. Lina limaletsa kulowa ndi mpeni m'nyumba za boma lalikulu, kupatula kampeni ka m'thumba kosafika mainchi 2 ndi theka. Zina zonse anasiyira zigawo, ndipo m'zigawo zina mizinda imawonjezeranso zake.

Texas ndinkaidziwa kale. Kuyambira pa 1 September 2017 munthu wamkulu angathe kuyenda ndi mpeni wautali mmene angafunire, wobisa kapena woonekera. Malire a mainchi 5 ndi theka alipobe, koma ntchito yake tsopano ndi yosonyeza malo amene mpeni woposa pamenepo sulowa: masukulu, makhoti, malo oponyera voti, zipatala, mabwalo a masewera akuluakulu, ndi mabala amene ndalama zawo zambiri zimachokera ku mowa, aja amakhoma chikwangwani cha 51% pakhomo. Switchblade analoleza mu 2013, ndipo kuyambira 2015 mizinda ya ku Texas siloledwa kukhwimitsa lamulo kuposa la chigawo. Kuchoka ku Houston mpaka ku El Paso panalibe chondiopsa.

New Mexico ndi imene inandikhazika pansi. Kumeneko switchblade ndi yoletsedwa ngakhale kungokhala nayo. Ndiponso pa mndandanda wa zida zoopsa zimene suyenera kubisa m'thupi, lamulo lawo limatchula mpeni wa kubutchala ndi dzina lake, pamodzi ndi mipeni yomenyera nkhondo. Wophika ukawerenga mzere umenewo thupi limachita tsemwe, chifukwa ndiwo mpeni umene umagwira tsiku lonse. Lamulolo limalola chida kukhala m'galimoto ya mwini wake, choncho vuto silinali kuyenda nayo mipeniyo, koma kutsika pa malo omwetsera mafuta ku Las Cruces kapena ku Deming umodzi uli m'jekete.

Ku Arizona zinthu n'zopepuka. Mu 2010 anakhala oyamba m'dziko lonse kuletsa mizinda kupanga malamulo akeake a mipeni, ndipo amene wakwanitsa zaka 21 angathe kubisa mpeni wamtundu uliwonse. Chimene ndinasunga pamtima n'chimodzi: wapolisi akakuimitsa n'kukufunsa ngati wabisa chida, lamulo limafuna kuti uyankhe zoona.

California inanditengera nthawi yaitali kuposa zitatu zinazo pamodzi. Anthu ambiri amakuuza kuti kumeneko malire ndi mainchi akutiakuti, koma lamulo la chigawo pa mpeni wobisa silitchula kutalika n'komwe. Ndime 21310 ya Penal Code, buku la malamulo a milandu la chigawocho, imaletsa kubisa m'thupi chimene amachitcha dirk kapena dagger, ndipo tanthauzo lake ndi lotakata: mpeni uliwonse umene ungabaye munthu nthawi yomweyo n'kumuvulaza kwambiri. Kosendera zipatso kanga kaja kakhoza kulowa m'gulu limeneli kakakhala m'thumba la thalauza. Woimira boma pa mlandu safunika kusonyeza kuti unkafuna kubaya munthu, ndipo chilango chingafike zaka zitatu. Mpeni wopinda suwerengedwa ngati wapindidwa. Umasanduka mlandu ukaubisa uli wotsegula, loko atagwira. Wosapinda amaulola ukakhala m'chimake, utalendewera pa lamba poonekera. Switchblade ya mainchi 2 kapena kuposa ndi yoletsedwa m'thupi, ngakhalenso mbali ya galimoto imene mumakhala dalaivala ndi okwera.

Nditafika apa ndinaimbira foni bambo wina wa kwathu amene wayendetsa mathiraki m'misewu imeneyi kwa zaka zambiri. Ndinawafotokozera zonse, iwo n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mwawerenga za chigawo, nanga za mzinda mwawerenga?" Ndinati, "Ayi bambo, ndimati ndiyambe ndi zazikuluzi." Anati, "Pitirizani, ku California mzinda nawo uli ndi mano."

Ananena zoona. Lamulo la mzinda wa Los Angeles, ndime 55.10, limaletsa kuyenda pagulu ndi mpeni wa mainchi 3 kapena kuposa uli poonekera. Tsono taonani mmene zimapanikizira: chigawo chikuti wosapinda usaubise, mzinda ukuti wa mainchi 3 usauonetse. Mpeni wosapinda wa mainchi 4, umene ku Phoenix ungayende nawo mulimonse, ku Los Angeles ulibe pokhala pathupi pako. Mzindawo umapatula amene akuugwiritsa ntchito yovomerezeka kapena zosangalatsa zovomerezeka, koma zimenezo umazifotokoza atakuimitsa kale. Ine zimandipweteka kuti munthu wa ntchito zamanja, wophika, wokonza denga, wosamalira maluwa, ndi amene amasenza chisokonezo chimenechi, pamene wa zolinga zoipa sawerenga n'komwe ndime zimenezi. Ndipo si Los Angeles yokha. New York City imaletsa mpeni wa mainchi 4 kapena kuposa pagulu, Chicago imaletsa kubisa woposa mainchi 2 ndi theka.

Nditamaliza kuwerenga, chochita chinaoneka chokha: kulongedza motsatira malo ovuta kwambiri pa ulendo wonse. Switchblade ija ndinaibweza kwa mwini wake ndi mawu othokoza, chifukwa New Mexico, dera la Gila River ndi California zonse zinkaikana. Mipeni ya kukhitchini ndinaiveka uliwonse chophimba chake chapulasitiki, n'kuilowetsa m'chikwama chake chansalu yolimba chija chimakulungidwa ngati mphasa, n'kumanga zingwe zake. Chikwamacho ndinachiika m'bokosi la zipangizo, n'kukhoma loko, n'kulikankhira mkati mwenimweni mwa buti, kuseri kwa masutikesi. Pamwamba pa chikwamacho ndinaikapo kalata yondilemba ntchito, kuti wotsegula aliyense aone kaye chifukwa chake ndili ndi mipeni yotere. Wopinda uja nawo unalowa m'bokosimo. M'kabokosi ka kutsogolo ndi pansi pa mipando ndinasesamo, osasiya ngakhale kachitsulo kotsegulira makatoni.

Ndikanakwera ndege njira ikanakhala ina pang'ono: a TSA, amene amapima anthu ndi katundu pa mabwalo a ndege, salola mpeni wakuthwa m'chikwama cholowa nacho m'ndege, koma amalola m'katundu wopita pansi ngati wakulungidwa bwino kuti usacheke onyamula.

Pamsewu panali malo awiri oima. Kumadzulo kwa Las Cruces kuli rodibuloko ya Border Patrol, apolisi olondera malire a dziko, ndipo kumeneko nkhani yawo ndi ya mapepala okhalira m'dziko, choncho ndinali nditawaika pafupi. Ku Blythe, ukangowoloka mtsinje wa Colorado kulowa mu California, amayang'ana za zipatso ndi mbewu. Za mipeni palibe anafunsa. Yankho ndinali nditakonza kale lalifupi: ndine wophika, mipeni ya ntchito ili m'bokosi lokhoma ku buti. Pogona panjira bokosilo ndinkalowa nalo m'chipinda lili chikhomere, chifukwa kulisiya m'galimoto usiku kunali kuitana akuba.

Ulendo utatha panatsala funso la tsiku ndi tsiku, la kuchoka kunyumba kupita kuntchito. Ophika ambiri amangoponya chikwama cha mipeni m'chikwama chakumbuyo n'kukwera basi. Ine sindinafune, chifukwa mu 2016 khoti lalikulu la California, pa mlandu wa mfuti, linagamula kuti chimene chili m'chikwama chimene wabereka chimawerengedwa kuti chili pathupi pako. Tsiku loyamba ndinapempha bwana kabati yokhoma, ndipo mipeni imagona kuntchito komweko. Ikafuna kukanoledwa kunja imabwerera m'bokosi lija ku buti.

Wopinda uja ndimayenda nawo, uli wopinda, pansi penipeni pa thumba. Ndinamasula kachitsulo kake kokolekera kuti kasamaonekere pamlomo wa thumba, popeza chitsulo chake chimapitirira mainchi 3. Kusukulu ya ana mpeniwu sulowa, chifukwa ndime 626.10 ya Penal Code imaletsa wopinda wokhala ndi loko ndi wina aliyense woposa mainchi 2 ndi theka. Tsiku lopita kukhoti, ku ofesi ya za mapepala kapena kwina kulikonse kumene amapima anthu pakhomo, ndimausiya kunyumba.