Matayala a chilimwe pa Snake Pass mu Januwale

Kuchoka ku Manchester kupita ku Sheffield foni imakonda kukusankhirani msewu wa A57, chifukwa ndi wachidule, makilomita pafupifupi 60 basi. Chimene foniyo sinena n'choti mukangodutsa tauni ya Glossop msewu umayamba kukwera, kukhotakhota, mpaka kukafika mamita 512 pamwamba pa phiri, pamene njira ya oyenda pansi ya Pennine Way imadutsa. Ndiyo Snake Pass imeneyo. Ambiri amaganiza kuti dzinali linabwera chifukwa cha makona ake, koma linachokera ku nyumba ya alendo yakale ya m'mbali mwa msewuwo, imene inali ndi chithunzi cha njoka, chizindikiro cha banja la Cavendish, eni malo a kuderalo. Msewuwu unatsegulidwa mu 1821, ndipo mpaka lero ndi umodzi mwa misewu imene imayambirira kutsekedwa sinowo (chipale chofewa) ikagwa.

Loweruka lina mu Januwale sinowo kunalibe. Ku Manchester kunali kamvula kowaza usiku, m'mawa kunacha bwino, ndipo pa Glossop galimoto zinkaonetsa madigiri 3. Pa mdipiti wa galimoto zitatu zopita ku chinkhoswe, patsogolo panali kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, Mazda MX-5, ka mnyamata wina amene anakagula mu Juni ndipo anali asanakayendetsepo m'nyengo yachisanu. Matayala ake anali abwino, odula, mizere yake yakuya ndithu. Koma anali a chilimwe.

Chinachitika pa kona ina yokhotera kumanzere, pamtunda, pamalo pamene dzuwa la Januwale silifika chifukwa cha phiri. Liwiro silinapose makilomita 40 pa ola. Mnyamatayo anangoponda moto pang'ono kuti atuluke pa konayo, mbuyo ya galimoto n'kuyamba kuyenda cham'mbali mwakachetechete, ngati munthu amene akusendera pa benchi. Panalibe kulira kwa matayala, panalibe utsi. Kagalimotoko kanazungulira pang'onopang'ono mpaka kuyang'ana kumene kanachokera, tayala limodzi lakumbuyo n'kutsikira m'kangalande ka m'mbali. Atatuluka kuti aone, phazi loyamba kuponda pansi linaterereka, anagwira chitseko. Phula linkaoneka lakuda, lonyowa basi. Anali madzi oundana, opyapyala ngati chikhadabo, ndipo pansi pake phula likuoneka bwinobwino.

Atalowanso anachita zimene aliyense amachita: giya yoyamba, moto wambiri. Matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, akupukuta ayezi uja mpaka kunyezimira. Bambo wina wachikulire wa m'galimoto yachiwiri, amene anayendetsapo malole zaka zambiri, anagogoda pa galasi.

"Iwe mwanawe, chotsa phazi pamotopo. Ukukumba manda a galimoto yakoyi."

"Koma bambo, matayalawa ndi atsopano."

"Ndaona. Tagwira mphira yakeyo, uikande ndi chala."

Anaikanda. Chikhadabo sichinalowe. Tayala limene mu Julayi limamata ngati chingamu linali gwa, ngati ndowa ya pulasitiki.

Nkhani yonse yagona pamenepo, ndipo anthu ambiri amaiphonya chifukwa amadikira kuona sinowo. Mphira ya tayala la chilimwe anaisakaniza kuti izigwira bwino ikatenthedwa. Kukazizira kufika cha m'ma madigiri 7 kutsika m'munsi imayamba kuuma, ndipo tayala louma sililowerera m'timabowo ta phula, limangokhala pamwamba. Msewu ungakhale wouma, buleki imatalika kale. Ukanyowa, zimaipiraipira. Pakakhala ayezi, buku la malamulo a pamsewu la ku Britain limanena poyera kuti mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi. Tayala la chisanu lili ndi mphira yofewa ngakhale kuzizire, ndipo pa kabuloko kalikonse pali timing'alu tambirimbiri tokhotakhota timene timatseguka n'kuluma pansi. Tayala la galimoto yothamanga lili ndi mabuloko akuluakulu osalala, opangidwira kona ya phula lotentha. Ndipo likakhala la mtundu wa mpikisano weniweni pamabwera vuto lina: a kampani ya Chevrolet amachenjeza eni galimoto za Corvette ndi Camaro kuti matayala otere amatha kung'aluka kukazizira kupitirira madigiri 7 pansi pa ziro, ndipo akazizidwa chotero aziyamba akhala pamalo ofunda kwa maola 24 asanayendetsedwe. Mng'alu wotero sumatidwa. Tayalalo latha.

Nambala ya pa dashibodi nayonso imanamiza. Imayeza mpweya, osati msewu, ndipo m'mawa kukacha kopanda mitambo phula limakhala lozizira kuposa mpweya. N'chifukwa chake galimoto zambiri zimayatsa kachizindikiro ka chisanu pa madigiri 3 kapena 4, osadikira ziro. Kuwonjezera apo, mukakwera mamita 100 aliwonse kumazizirirapo pafupifupi theka la digiri ndi kakamwamba. Kuchoka pa Glossop kufika pamwamba mwakwera mamita oposa 300, ndiye madigiri 3 aja asanduka 1 kapena ziro musanazindikire. Pa milatho, m'mithunzi ya mitengo ndi pamene kasupe amadutsa msewu ndi pamene pamaundana poyamba. Chizindikiro chabwino ndi khutu: pa phula lonyowa matayala amapanga phokoso la madzi, pa ayezi amangoti zii, chiwongolero n'kupepuka m'manja.

Amene anapulumutsa zinthu ndi mlimi wa nkhosa amene ankabwera ndi pikapu, galu wake ali kumbuyo. Sanalankhule zambiri. Anayang'ana matayala, anapukusa mutu, n'kufunsa ngati m'buti muli kachitsulo kokokera. Mnyamatayo sankadziwa n'komwe kuti kaliko. Ndi kachitsulo ka mphete kokhala ndi mazinga, kamakhala limodzi ndi zida za galimoto, ndipo kamalowa pabowo lobisika ndi kachivundikiro ka pulasitiki pa bampala. Mukazungulize mpaka kalowe konse. Chingwe mukachimanga pa chitsulo cha m'munsi chimene mwangochiona, mumakhotetsa mkono wa tayala, ndipo kukonzetsa kwake n'kodula.

Mlimiyo anatsitsa matumba awiri a chakudya cha nkhosa, a makilogalamu 25 lililonse, n'kuwaika m'buti, pamwamba pa matayala akumbuyo. Buti ya kagalimoto kameneka ndi malita 130 okha, suti ya ku chinkhoswe inachita kusamukira m'galimoto ina. Kenako anatenga fosholo, anatapa mchere wosungunula ayezi wosakaniza ndi timiyala m'bokosi lachikasu la m'mbali mwa msewu, n'kuwaza kutsogolo kwa matayala onse awiri akumbuyo, mtunda wa mamita ngati atatu. Anauza mnyamatayo kuti aike giya yachiwiri, osati yoyamba, atulutse kalachi pang'onopang'ono osaponda moto ngakhale pang'ono, chiwongolero chili chowongoka. Pikapu inakoka mofatsa, chingwe chitayamba chakungika kaye, popanda kudzudzula. Kagalimoto kanatuluka ngati mbuzi imene yatopa kukana. Ndalama anaikana. Matumba aja anati akawasiye pachipata cha famu yake kumunsi, ndipo anawonjezera kuti galimotoyo isapitirire kukwera, ibwerere ku Glossop. Anangolandira mandasi atatu a m'beseni la ku chinkhoswe, limodzi n'kuponyera galu.

Giya yachiwiri ili ndi chifukwa chake. Imachepetsa mphamvu yofika ku matayala, ndiye sazungulira msanga. Galimoto yothamanga vuto lake ndi lomwelo: mphamvu yambiri, thupi lopepuka, ndipo zambiri zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo. MX-5 imalemera pafupifupi tani imodzi yokha. Kulemera kumene kumakanikiza tayala pansi n'kochepa, ndipo malo amene tayala lililonse limakhudza msewu ndi ngati chikhatho chimodzi. Zikhatho zinayi, basi. Matumba m'buti amathandiza ponyamuka, koma musanamizidwe, sathandiza poima.

Amene anaphunzira kuyendetsa kwathu m'nyengo yadzinja, pa katondo wonyowa wa misewu yakumudzi, ali ndi poyambira. Mbuyo ikayamba kuthawa, maso ayang'ane kumene mukufuna kupita, chiwongolero chitsatire maso, phazi lichoke pamoto mofatsa, buleki musaikhudze. Kusiyana kwake n'koti matope amakugwirani pang'ono, tayala likamira limapeza pouma. Ayezi sakugwirani. Ndipo mbuyo ikagwiranso, muwongole msanga, apo ayi imakuponyerani mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba.

Kutsika ndiko koopsa kuposa kukwera, ndipo ulendo wobwerera ku Glossop unatenga nthawi yoti munthu wapanjinga akanatha kupitirira. Giya isankhidwe mtunda usanayambe, yachiwiri kapena yachitatu, n'kuisiya momwemo. Kutsitsa giya mwadzidzidzi pakati pa kona kumagwira matayala akumbuyo ngati mwakoka handibuleki. Buleki iponderedwe msewu ukadali wowongoka, kona isanafike. Mukafunika kuima mwangozi, pondani mwamphamvu ndipo musachotse phazi pamene chopondera chayamba kunjenjemera, imeneyo ndi ABS, makina oletsa matayala kugwidwiratu ndi buleki, ikugwira ntchito yake. Kupopapopa buleki ndi nzeru ya galimoto zakale. Kabatani kozimitsira makina oletsa kuterereka kasiyeni. Malo okha amene kamathandiza ndi pamene mwatitimira m'sinowo ndipo mukufuna matayala azungulire pang'ono kuti mutuluke, mukatuluka muyatsenso.

Chimene chimanyansa n'choti palibe amene amakuuzani zimenezi pogula galimoto. Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza matayala a chisanu. Lamulo limangofuna mizere yakuya mamilimita 1.6, ndiye galimoto imakhoza mayeso ake a chaka ndi chaka, a MOT, bwinobwino mu Disembala ili ndi matayala amene sangakwere chitunda cha kusukulu kukaundana. Wogulitsa amakuonetsani mipando yachikopa ndi denga lotseguka. Ku Germany zinthu n'zina: pakakhala ayezi kapena sinowo mumafunika matayala okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka sinowo m'kati mwake, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 zilembo za M+S zokha pa tayala sizikwanira. M'madera a mapiri a ku France muli lamulo lofanana nalo kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Amene mumawoloka ndi galimoto kukachezera abale pa Khirisimasi, yang'anani pambali pa tayala musananyamuke.

Za mtengo, tayala labwino la chisanu la saizi ya kagalimoto aka, monga 205/45 R17, limakhala cha m'ma mapaundi 100 kupita m'mwamba, kumangitsa kwake padera. Gulani anayi. Kuika awiri kumbuyo kokha ndiye kuti galimoto inyamuka koma sikhota. Kuika awiri kutsogolo kokha ndiye kuti ikhota, mbuyo n'kukupitirirani. Amene ali ndi posungira amagula marimu ena otchipa, n'kumasintha okha mu Novembala ndi mu Malichi, ndipo ngati mabuleki alola, rimu yocheperapo ndi tayala lopyapyala zimachita bwino m'sinowo kuposa lotambalala. Amene amakhala m'chipinda cha lendi chopanda ngakhale khonde, matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri chija, monga Michelin CrossClimate kapena Goodyear Vector 4Seasons, amakwanira nyengo ya ku England. Mudzataya kukoma pang'ono pa kona mu Julayi. Ogula a kaunjika pa intaneti aziwerenga manambala anayi omaliza otsatira zilembo za DOT pambali pa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Tayala la chisanu likatsika pansi pa mamilimita 4 ntchito yake m'sinowo yachepa kwambiri, ngakhale lamulo likulilolabe.

Mpweya nawo umatsika kukazizira, pafupifupi psi imodzi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) pa madigiri 5 kapena 6 aliwonse. Tayala lopopedwa mu Seputembala limakhala lofooka mu Januwale popanda kubooka. Yezani m'mawa galimoto isanayende, ndipo tsatirani nambala ya pa kapepala ka pachitseko. Nzeru ija yophwetsa matayala kuti agwire bwino isiyeni ku mchenga wa kunyanja. Masokosi a nsalu ovekera matayala ndi abwino kusunga m'buti chifukwa matcheni nthawi zambiri sakwana pa galimoto yotsika chonchi, koma amathandiza pa sinowo pokha, liwiro losaposa makilomita 50 pa ola, ndipo pa phula louma amang'ambika msanga. Sinowo ikafika masentimita 15 zonsezi zilibenso ntchito, mimba ya galimoto imakhala pamwamba pake, matayala ali lende.

Ndipo musadalire kwambiri lole yothira mchere. Mcherewo umafuna galimoto zoupondaponda kuti ugwire ntchito, mvula ya usiku imaukokolola, ndipo kukazizira kupitirira madigiri 5 pansi pa ziro mphamvu yake imachepa.

Kagalimoto kofiira kanatsala pamalo oimika galimoto ku Glossop. Mwini wake anapanikizana kumbuyo kwa galimoto yachitatu, beseni la mandasi pamiyendo, ndipo mdipiti unazungulira kudzera ku Woodhead, msewu wa A628, umene umayenda malole ambiri ndipo suchita makona ngati a Snake. Nawonso umatsekedwa kukavuta, ndipo zikatero yotsala ndi msewu waukulu wa M62 kapena sitima ya pa Manchester Piccadilly, imene imadutsa pansi pa mapiri omwewo n'kufika ku Sheffield pasanathe ola ngati mwakwera yachangu. Ku chinkhoswe anthu anafika ankhoswe atayamba kale kulankhula. Matumba a mlimi aja anabwezedwa Lamlungu masana, dzuwa litasungunula msewu.