Papaya wanga ndi chitenje cha apongozi

Popeza chithunzi chija mlamu wanga wachimwaza kale m'magulu onse a pa WhatsApp, mpaka m'gulu la makolo a ana a sitandade 6 limene ndinayambitsa ndekha, ndibwino mumve kwa mwini nkhani. Inde, wagwadayo ndine. Inde, wavala chitenjeyo ndi mtengo wa papaya. Zoti ndimapembedza, kapena ndimafunsira mbeta, ndi mabodza a anthu amene sanadzalepo ngakhale tsabola.

Kwathu ndi ku Thyolo, kumene peyala limakugwera pamutu ukungodutsa. Atanditumiza kudzaphunzitsa kuno ku Nchalo, ndinatsika zitunda za Chikwawa nditafukata mbande za mapeyala zogula pa Bvumbwe, ndi kamtengo ka apozi. Tisanawoloke n'komwe mlatho wa Kamuzu, ka apozi kanali katazolika kale. Apozi amafuna kuzizira kuti achite maluwa, pamene kuno Okutobala akafika kutentha kumadutsa madigiri 40, munthu umagona pakhonde ukudzifunsa chimene unalakwira boma. Mapeyala anayesetsa, masamba anapsa m'mbali, chiswe chinadzamaliza mwambo.

Alangizi a zaulimi sanapite m'mbali. "Aphunzitsi, kuno dzalani zakuno. Mango omezanitsa, kaya Tommy Atkins kaya Kent, zaka zitatu kapena zinayi mwayamba kudya. Mandimu, magwafa, mapapaya, masawu." Pa masawu ndinakhumudwa. Munthu wa tayi ndikumbe dzenje, ndithire manyowa, kudzala mtengo umene umamera wokha kutchire, mbuzi ndiye nazale yake? Mango nawonso zaka zinayi zija zinandiopsa, boma likhoza kundisamutsa wina n'kudzadya thukuta langa. Ndinasankha papaya, amene chaka chisanathe umakhala ukudya.

Tsono apa ndikupempha chilungamo. Alangizi ananenadi kuti pa phando lililonse ndiike mbande zitatu, ndidikire zichite maluwa, chifukwa papaya akadali wamng'ono sadziwika ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Akaonekera ndiye ndipatulire, ndisiye aakazi, wamwamuna mmodzi akwanira aakazi khumi. Ananena, sindikukana. Koma alangiziwo satunga madzi kwathu. Mjigo uli kutali ndipo wokoka zigubu pa njinga ndine. Ndithirire miyezi isanu mbande zoti ndidzazule? Ndinachita chimene mphunzitsi aliyense akanachita, kusankha okhoza bwino. Pa phando lililonse ndinasiya mbande yaitali, yonenepa, yobiriwira, zina zonse ndinazula.

Mitengo isanu ndi umodzi. Yonse amuna.

Papaya wamkazi duwa lake ndi lalikulu, limakhala lokakamira pathunthu, m'khwapa mwa tsamba, kapapaya kakuonekera kale mkati. Anga anatulutsa timaluwa tambirimbiri tolendewera pa tizingwe tatitali, tonunkhira usiku wonse, opanda kanthu. Mayi akunyumba anazungulira dimba lonse atagwira m'chiuno, nati, "Abambo, apa simunadzale zipatso, mwamanga gowelo."

Alangizi anati ndidule, nditsale ndi mmodzi, ndiyambirenso. Kunena n'kosavuta. Malangizo ena anayamba kubwera okha pakhomo. Wina anati ndikhome msomali pathunthu, ndinakhoma. Wina anati ndimangirire chitsononkho, ndinamangirira, mitengo yonse inavala. Kenaka agogo ena ogulitsa milamba youma pamsika anandikodola. "Mwana wanga, chitsononkho pachokha sichikwana. Papaya ndi wamanyazi. Um'veke chitenje m'bandakucha anthu asanadzuke, ugwade, umuuze katatu kuti kuyambira lero ndiwe mkazi." Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndikudziwa zimene mukuganiza. Koma sayansi yomweyo imati chinthu usachikane usanachiyese.

Sabata imeneyo kunyumba kunali apongozi, amayi awo a mayi akunyumba, anabwera kudzaona zidzukulu. Ine ndi iwo timalemekezana mwachikale. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, sitinadyerepo pamodzi, mawu ambiri amadzera mwa mwana wawo.

Tambala woyamba atalira ndinanyamuka mwakachetechete. Magetsi anali atazima. Pachingwe panali zitenje zingapo, ndinasolola chimodzi ndikudziwa kuti ndi cha mkazi wanga. Ndinasankha papaya wamtali kuposa onse, mtsogoleri wa gowelo, kuti akagonja iyeyo enawo atsatira. Ndinam'kulunga bwinobwino, ndipo ndinene pano kuti ndinamanga mwaluso, mfundo kumanzere, m'munsi molingana. Chinatsetsereka chifukwa papaya alibe chiuno, ndinamanganso pamwamba pa chitsononkho. Ndinagwada. Ndinatsokomola pang'ono kukonza kukhosi.

"Kuyambira lero ndiwe mkazi."

Chete.

"Kuyambira lero ndiwe mkazi."

Ndikukoka mpweya kuti ndinene kachitatu, ndinamva kuwomba m'manja kumbuyo kwanga, kwa phee, kwaulemu. Apongozi anali atatuluka kudzafuna chitenje chawo kuti akasambe. Atapeza ine ndagwada, nawonso anagwada, chapatali pafupi ndi bafa, nkhope atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ndiye taganizani. Ine ndagwada, apongozi agwada, woimirira pabwalo ponse ndi papaya yekha, atavala chitenje chimene iwo anagulira chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo. Kuthawa sindikanatha, munthu suthawa apongozi atakugwadira. Kudzuka sindikanatha, iwo asanadzuke. Udzudzu wa ku Shire unapeza phwando pa akakolo anga, ndipo sindinauphe ngakhale umodzi poopa kuti kuwombako kungamveke ngati ndikuyankha.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu mayi?"

"Ndadzuka." Anakhala kaye chete. Tambala analiranso. Galu wa aneba anabwera, anatiyang'ana tonse atatu, n'kubwerera. "Nanga anzanuwo adzuka bwanji?"

Abale anga, mphunzitsi wa zaka zambiri, wolemba mayeso, woweruza milandu ya ana, ndinatsegula pakamwa panga n'kuyankha kuti, "Adzuka."

"Chitenjecho chawakhala," anatero apongozi. "Koma mwana wanga mwamuuza kuti mwatenga wachiwiri?"

Kuwala kumene mukuona pachithunzipo si dzuwa ayi, ndi foni ya mlamu wanga amene anasuzumira pazenera. Munthu amene sanadzukepo nthawi ya 8 isanakwane, tsiku limenelo mzimu unam'dzutsa.

Pomasula chitenje ndinapeza kuti utomoni wotuluka pa msomali paja wachita mathotho pakati penipeni, ndipo manja anga anayabwa mpaka masana. Apongozi anachikana. Uthenga unadzera mwa mayi akunyumba, woti nsalu imene wavala mkazi mnzake wa mwana wawo iwo sangaivale. Ndinagula china, cha mtengo wake ndithu, pamodzi ndi shuga wopepesera. Agogo a milamba aja nditawadandaulira anangofunsa kuti, "Unanena kangati?" Nditati kawiri, anati basi, ndi pamenepo. Ndipo kunena zoona, palibe amene angatsimikize kuti njirayi sigwira, chifukwa kuyesako kunasokonezedwa.

Chimene chikundiwawa tsopano ndi china. Aneba anga ali ndi mapapaya aakazi amene kale ankangoyoyola maluwa. Chaka chino abereka mpaka kuwachirikiza ndi mitengo, chifukwa agulugufe ouluka usiku akutuntha mungu kuchokera ku gowelo langa ulele. Nditanola chikwanje kuti ndidule, anathamanga kudzandipempha kuti ndisiyeko awiri. Mapapayawo amandigulitsa mtengo wa pamsika, amati bizinesi ndi bizinesi.

Alangizi akuti wamwamuna nthawi zina amaponyako kachipatso kolendewera nyengo ikasintha, ndiye ndikudikira. Kuseri kwa chimbudzi kwamera msawu, sindinaudzale ine, ndipo ana ayamba kale kutola. Zitsononkho sindinachotse, palibe chimene zikuwononga.