Ndege imene inatera pakhomo panga

Poti anzanga a pabawo ayamba kale kunditchula kuti "a Chileka", bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Choyamba, sindinakomoke ayi. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Inali cha m'ma 2 koloko usiku, mwezi wa June, mwera ukuwomba ngati wachita kutumidwa, magetsi atazima Ndirande yonse. Ndinangomva kuti phu! padenga, kenako khwerererere pamalata, kenako di! pakhomo penipeni. Mayi a kunyumba anandigwedeza: "Abambo, kaoneni." Ine amene ndimatsutsa anthu mu minibasi kuti za ufiti n'zachikale, ndikanakana bwanji? Ndinakoka nsalu yomwe inali pafupi, kumangirira m'chiuno, kuyatsa tochi ya pafoni, n'kutsegula chitseko pang'ono.

Lichero. Litakhala bwinobwino, m'kati muli tinthu takuda tofota, pambali pake mphaka wakuda atakhala ngati kondakitala wodikira chenji.

Abale, tonsefe tinakula tikumva kuti ndege ya afiti ndi lichero, ndipo imagwa ikadutsa pa nyumba yotsirika kapena mafuta akaithera. Nyumbayi ndi ya lendi. Ndidziwa bwanji zomwe eni ake anakwirira pangodya?

Miyendo inakana. Kubwerera m'nyumba ndinaona ngati ndi mwano, kuthawa ndinaona ngati andithamangitsa. Ndiye ndinachita zomwe mwana aliyense woleredwa bwino akanachita: ndinanjuta, kuomba m'manja katatu, n'kupereka moni.

"Zikomo agogo. Mwayenda bwanji?"

Lichero zii.

"Pepani, mwina mwasochera. Ife pano ndife alendi chabe. Eni ake amakhala ku Chilomoni, ngati mukufuna ndikulozerani njira."

Mphaka anayasamula. Ine ndinatenga kuti ayankha, ndipo sanakhutire. Ndinayamba kufotokoza kuti malipiro sanalowe, kuti ngongole ya kugolosale ndibweza, kuti mbuzi ya amalume ija inafa yokha sindinagulitse. Milandu imene palibe anandifunsa ndinaiulula yonse pamaso pa lichero. Nditaona kuti sizikuthandiza ndinayamba pemphero, koma lomwe linabwera m'mutu ndi la pachakudya. Mayi a kunyumba amalumbira kuti anandimva ndikuti "dalitsani manja amene akonza". Iwowo anali kuseri kwa chitseko, atangotulutsa dzanja lokha kundipatsira mchere. Paketi yathunthu, ya kilo imodzi, yogula dzulo lake. Ndinamwaza mozungulira, wotsala n'kukhuthulira m'lichero momwemo kuti injini ife.

Kenako ndinakuwa. Apa sindikana.

Anthu anatuluka ndi zibonga, wina ndi Baibulo, wina ndi botolo la petulo. Mnyamata wina wa kabaza analumbira kuti anaona anthu atatu akutsika n'kulowera kumtsinje wa Nasolo. Amayi awiri anali atayamba kale kutchula mayina a agogo a m'dera lathu, mpaka bambo wina wachikulire anawadula kuti lamulo la 1911 lija likadalipo, wotchula mnzake mfiti ndiye amakagona kupolisi. Pamenepo m'pamene tochi zonse zinatembenukira kwa ine, n'kuzindikira kuti nsalu ndinamanga ija inali yoyera ya kumutu ya Mvano, ndipo sinkafika paliponse.

Ndiye kunatulukira mayi a nyumba yakuseri, akutikita m'maso.

"Iii, lichero langa! Mfutso wanga!"

Anayanika khwanya padenga masana kuti nkhuku zisafike, n'kuiwala kuanula. Anatola, kununkhiza, kulawa, n'kulavula. "Ndani wathira mchere chonchi?" Khamu lonse linaloza ine.

Tsono amene mukusekanu, ndikufunseni. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, si inu nomwe munkagona panja m'magulu, ena ndi madigiri anu? Ine ndinapirira ndekha, maso ndi maso ndi ndege, pafupifupi mphindi khumi, ndipo ulemu sindinataye.

Mfutso ndinalipira. Ndiwo tinadya zopanda mchere masiku awiri, mayi a kunyumba akuti ndikapemphe kwa agogo anga aja. Koma mphaka uja mpaka lero palibe wanena kuti ndi wake.