Mmene ndimajambulira tchopa osadzaza memori kadi

Ndisanayatse chojambulira mawu ndimayamba ndawerengera malo a pa memori kadi. Ulendo uno ndinaitanidwa ndi gulu lovina tchopa, gule wa Alhomwe, la m'mudzi wina kufupi ndi Chonde kuno ku Mulanje, lomwe linkakonzekera mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Mkulu wa gululo anati, "Achimwene, nyimbozi zisungike bwino, komanso mutiikire pa foni kuti ana athu ali m'tauni amve." Ndinawayankha kuti, "Bambo, zitheka, koma mafayilo akhala awiri, yaikulu yosunga ndi yaing'ono yotumiza."

Pa makinawo pali manambala awiri oti musankhe. Yoyamba ndi sample rate, yonena kuti makina ayeza mawu kangati pa sekondi: 48 kHz ndiye kuti ka 48,000. Yachiwiri ndi bit depth, yonena kuti muyezo uliwonse ndi wosamalitsa motani. Pa 16 bit pali masitepe 65,536, pa 24 bit amapitirira 16 miliyoni.

Masamu ake ndimachitira pa foni pompo. Ndimachulukitsa sample rate ndi bit depth, kenako ndi matchanelo, ndikugawa ndi 8 kuti ndipeze ma byte. Pa stereo matchanelo ndi awiri, a mawu a kumanzere ndi kumanja, choncho 48,000 × 24 × 2 ÷ 8 ikupereka ma byte 288,000 pa sekondi, pafupifupi 17 MB pa mphindi, 1 GB ndi kadontho pa ola. Kadi yanga ya 8 GB ikanatenga maola opitirira 7. Ndikanakweza kufika 96 kHz, ola lililonse likanadya 2 GB.

Nambala ya 96 ija imakopa, koma ndinaisiya dala. Makina amagwira mawu okwera mpaka theka la sample rate, ndiye 48 kHz imafika pa 24 kHz. Khutu la munthu limathera cha pa 20 kHz, ndipo tikamakula limatsikirabe. Kuwirikiza fayilo chifukwa cha mawu amene ngakhale ovinawo sangawamve ndi kutaya malo.

Pa bit depth m'pamene sindiumira. Kuchoka pa 16 kupita pa 24 fayilo imangowonjezera theka, koma phindu lake pa tchopa n'lalikulu. Mayi wachikulire amayambitsa nyimbo ndi mawu otsika, anzake n'kuvomera, kenako ng'oma yaikulu imagunda mpaka magetsi a pa makina kulumphira pofiira. Zikafika pofiira mawu asweka, ndipo palibe pulogalamu yowabwezeretsa bwinobwino. Choncho ndinapempha woimba ng'oma kuti amenye mwamphamvu, ine n'kutsitsa gain, mphamvu ya mawu olowa m'makina, mpaka kugundako kukuthera cha pa -12 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu, ndipo mawu amasweka akapitirira 0). Mawu a mayi aja analowa pansi kwambiri, koma sizinandidetse nkhawa. 16 bit imapereka mpata wa pafupifupi 96 dB pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa, 24 bit papepala imafika 144 dB. Maikolofoni safika pamenepo, komabe mpatawo umandilola kudzakweza mawu awo kunyumba popanda bit depth kuwonjezerapo phokoso lomveka.

Gule atatha tinakhala pakhonde ndi mkulu uja kuti afotokoze mbiri ya nyimbozo. Pakamwa ndi pamodzi, stereo ilibe ntchito. Ndinasinthira ku mono, ya tchanelo imodzi, ndi 16 bit, fayilo n'kutsikira pansi pa 6 MB pa mphindi.

Kunyumba ndinayamba ndakopera ma WAV onse, mafayilo aakulu ochokera m'chojambulira, pa laputopu ndi pa hadi disiki ina, osakhudza kalikonse. Kenako ndinatsegula kope mu Audacity, pulogalamu yaulere, n'kudula nyimbo iliyonse payokha ndi kukweza mawu a oyambitsa. Potulutsa ndinasankha MP3 ya 128 kbps. Apa masamu aja sagwiranso ntchito, kukula kwa MP3 kumatsatira bitrate basi, kuchuluka kwa ma bit pa sekondi, ndipo 128 kbps ndi pafupifupi 1 MB pa mphindi. Nyimbo ya mphindi zisanu yomwe inali 86 MB inatsala yosakwana 5 MB, yoti munthu wa kabandulo kochepa aitsitsa pa WhatsApp osadandaula.

Zomwe MP3 yataya zapita. Mukaisandutsanso WAV imangofufuma ngati mandasi a yisiti wambiri, mawu ake omwewo. N'chifukwa chake zosunga ndinaziika mu FLAC, yomwe imachepetsa fayilo osataya kanthu, pa fulashi yomwe ndinalembapo dzina la gulu ndi tsiku, n'kukaisiya m'manja mwa mlembi wawo.